Mbale wanu akunenepa chiyambireni mankhwala a matenda a maganizo? Yambani ndi tepi ya telala

Achimwene anga atabwerako kuchipatala kumene anagonekedwa chifukwa cha matenda a maganizo, m'nyumba munalowa mtendere umene tinali titauiwala. Anayamba kugona usiku, anasiya kuyankha mawu amene ife sitinkawamva, ndipo mbale ya nsima ankaiseteka mpaka mbee. Azakhali akabwera kudzawazonda ankaomba m'manja: "Taonani masayawo! Mankhwalawa awayanja ndithu." Nafenso tinkavomereza. Kwathu kuno munthu akamaonda timamukayikira, akamanenepa timati ali pabwino. Ine ndemwe ndinatenthetsa msomali pambaula n'kuboola mabowo ena awiri kunsonga kwa lamba wawo, ndikusangalala. Patapita chaka ndi miyezi ingapo anayamba kumva ludzu losatha, usiku n'kumangodzukadzuka kukataya madzi. Kuchipatala anawapeza ndi shuga. Titatsegula buku lawo la kuchipatala, munalibe tsamba ndi limodzi lomwe pamene panalembedwa kulemera kwawo chiyambireni mankhwala.

Ndikulembera inu amene mukumwa mankhwala amenewa, ndiponso inu agadiyani. Mankhwalawo apitirire, chifukwa ndi amene abweza munthu wanu. Koma mimba ikamakula musamaombe m'manja. Iyezeni, ilembeni, ndipo muyambe mwezi woyamba womwewo.

Chimene tikulimbana nacho

Achipatala amachitchula kuti metabolic syndrome. Ndi zinthu 5 zimene zimakonda kuyendera limodzi m'thupi la munthu mmodzi: mimba yaikulu, BP yokwera, shuga wokwera m'magazi, mafuta a m'magazi otchedwa triglycerides akachuluka, ndi mafuta oteteza mitsempha otchedwa HDL akachepa. Munthu akakhala ndi zitatu mwa zimenezi, ndiye kuti ali nacho. Sapweteka paliponse, amayenda bwinobwino, koma kutsogolo kwake kuli matenda a shuga, a mtima ndi sitiroko.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti anthu odwala matenda aakulu a maganizo, monga schizophrenia ndi bipolar, amamwalira msanga ndi zaka 10 mpaka 20 poyerekeza ndi anthu ena, ndipo ambiri chimawatenga ndi matenda a m'thupi, makamaka a mtima ndi mitsempha. N'chifukwa chake mu 2018 bungweli linatulutsa malangizo apadera a kasamalidwe ka thupi la anthu amenewa.

Zifukwa zake zimalowerana. Mankhwala ena amagonthetsa mbali ya ubongo imene imauza munthu kuti wakhuta, amagonetsa, komanso amasokoneza mmene thupi limagwiritsira ntchito insulin, imene imatsitsa shuga m'magazi. Matendawo pawokha amafoola, munthu n'kumangokhala pakhonde tsiku lonse. Ambiri amasuta fodya kwambiri. Ndipo pali china chimene chimandiwawa: munthu akangodziwika kuti amadwala maganizo, dandaulo lake lililonse timaliponya kumutu. Akati ndatopa, akati m'maso mukuchita chifunga, timati ndi matenda ake omwe aja.

Choyamba: dziwani dzina la mankhwala, ndipo musawasiye

Ambiri timangoti "timapiritsi toyera tija" kapena "jakisoni wa pamwezi uja". Sizikwanira. Tsegulani buku, werengani dzina, kapena pemphani anamwino akulembereni m'zilembo zazikulu. Mankhwalawa sanenepetsa mofanana. Amene ali patsogolo ndi olanzapine ndi clozapine. Pakati pali chlorpromazine, risperidone ndi quetiapine. Haloperidol ndi aripiprazole amanenepetsa pang'ono, ngakhale kuti haloperidol ali ndi zovuta zake monga kuuma kwa thupi ndi kunjenjemera. Kunja kwa gulu limeneli, sodium valproate, lithium ndi amitriptyline nawonso amawonjezera thupi.

Kudziwa zimenezi si chilolezo chotaya mapiritsi m'chimbudzi. Ndaona atsikana akusiya mankhwala mwakachetechete chifukwa zovala zasiya kuwakwana ndipo anzawo akuwaseka. Matenda akayambiranso, munthu amabwerera kuwodi, nthawi zambiri n'kukapatsidwa mlingo waukulu kuposa woyamba, ndipo ntchito kapena sukulu imene anali atayambiranso imathera pomwepo. Ngati thupi likukuvutitsani maganizo, kanenedwe kake ndi kwa adokotala, ndipo pansipa ndafotokoza mmene mungakanenere.

Mukapita kukatenga mankhwala n'kupeza kuti amene mumamwa atha ndipo akupatsani ena, lembani tsiku limenelo ndi dzina latsopanolo. Thupi likadzasintha, mudzadziwa pamene zinayambira.

Chachiwiri: yezani lero

Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ife tinaphonya. Popanda nambala ya poyambira, palibe amene angadziwe ngati munthu wakwera ndi makilo 2 kapena 12. Maso a anthu okhala naye tsiku ndi tsiku sazindikira msanga.

Gulani tepi ya telala kumsika, ija yofewa yoyezera nsalu. Munthuyo aimirire, miyendo yoyandikana, atakweza malaya. Papasani nthiti yomaliza, papasaninso nsonga ya fupa la m'chiuno cham'mbali, ndipo tepi idutse pakati pa malo awiriwa, zimene kwa ambiri zimakhala pamwamba pang'ono pa mchombo. Musayeze pamene pamakhala lamba wa thalauza, chifukwa amuna ambiri amamanga lamba kunsi kwa mimba. Apume bwinobwino, ndipo muwerenge atangotulutsa mpweya, osakoka mimba, tepi yosathina komanso yosalendewera. Kwa mwamuna, chenjezo limayambira pa masentimita 94. Kwa mkazi, pa 80. Manambala amenewa anaikidwa ndi International Diabetes Federation mu 2005 kuchokera pa anthu a ku Europe, ndipo bungwelo linati agwirenso ntchito kwa ife a kuno ku Africa kufikira patapezeka athu.

Ngati tepi palibe, chingwe chikwanira. Dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wa munthuyo, kuchokera kuphazi kufika pamutu, muchipinde pakati, kenaka muzungulize pamimba. Nsonga zikalephera kukumana, mimba yapitirira theka la msinkhu wake, ndipo limenelo ndi chenjezo. Mayi woyembekezera sayezedwa chonchi.

Kulemera muyezetse pasikelo imodzimodzi nthawi zonse, atavula nsapato ndi jekete. Ya kuchipatala ndiyo yabwino. Anyamata oyeza anthu m'tauni aja amathandizanso, bola muzipita kwa yemweyo, chifukwa masikelo amasiyana.

BP ayezedwe atakhala pansi mphindi 5, asanasute kapena kumwa tiyi kwa theka la ola, mkono utatsamira patebulo. Pa nkhani yathuyi 130/85 ndi pamene pamayambira chenjezo, pamene matenda a BP enieni amawerengedwa kuyambira 140/90, atayeza masiku osiyana.

Shuga amafuna m'mimba mopanda kanthu: maola osachepera 8 osadya, madzi okha. Choncho tsiku loyezetsa phala ndi tiyi zidikire. Nyamulani nthochi kapena mbatata yoti adye akamaliza. Makina ena amawerenga mu mmol/L, ena mu mg/dL, ndiye funsani kuti nambalayo ndi ya mtundu uti. Kuyambira 5.6 mmol/L, kapena kuti 100 mg/dL, shuga wayamba kukwera. Kuyambira 7.0 mmol/L, kapena 126 mg/dL, akabwerezanso tsiku lina n'kupeza chimodzimodzi, ndi matenda a shuga. Mafuta a m'magazi sayezedwa m'zipatala zing'onozing'ono zambiri, koma mukafika pachipatala chachikulu funsani. Triglycerides akhale pansi pa 1.7 mmol/L, HDL asatsike pansi pa 1.0 kwa mwamuna ndi 1.3 kwa mkazi. Mukalephera kuyezetsa mafutawa musataye mtima. Tepi, sikelo, BP ndi shuga zimaulula zambiri.

Zonsezi zilembedwe kutsamba lomaliza la buku la kuchipatala, ndi tsiku lake. Lembaninso ngati bambo, mayi kapena m'bale wa bere limodzi ali ndi shuga, BP kapena anafa ziwalo.

Chachitatu: bwerezani pa nthawi yake

Thupi limakwera mofulumira m'miyezi yoyambirira, ndiye maso akhale pamenepo. Mu 2004 mabungwe a madokotala a shuga ndi a maganizo ku America anagwirizana ndondomeko imene ambiri amatsatabe: kulemera kuyezedwe poyamba, kenaka pa masabata 4, 8 ndi 12, kuchokera apo miyezi 3 iliyonse; BP ndi shuga poyamba, pa masabata 12, kenaka kamodzi pachaka. Kwa ife n'kosavuta kungoti tsiku lililonse lokatenga mankhwala ndi tsikunso la sikelo ndi tepi. Mankhwala akasinthidwa, kuwerenga kumayambiranso.

Nambala yoti muisunge pamtima ndi 5 pa 100 alionse. Munthu amene anayamba ndi makilo 60 akafika 63, nthawi yolankhula ndi adokotala yakwana. Wa makilo 80 akafika 84, chimodzimodzi.

Chachinayi: yambani ndi zakumwa, mbale ibwere pambuyo

Chlorpromazine, amitriptyline ndi benzhexol, amene ambiri amamudziwa kuti Artane, amaumitsa kukamwa. Munthu amamva ngati wadya phulusa, ndiye amathamangira sobo, maheu a m'botolo, thobwa lothira shuga, tiyi wa masupuni 4. Apa ndi pamene shuga wambiri amalowera osaoneka. Botolo limodzi la chakumwa chozizira la 300 ml limatha kukhala ndi shuga wokwana timasupuni 7 kapena 8, pamene WHO imati munthu wamkulu asapyole timasupuni pafupifupi 12 ta shuga wothira patsiku pa zonse zimene wadya ndi kumwa, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Muikireni botolo la madzi pafupi, lozizira ngati n'kotheka, mofinyiramo ndimu. Shuga wa mu tiyi muzichepetsa theka la supuni sabata iliyonse, lilime limazolowera. Kungosintha zakumwa kokha ndi ntchito ya mwezi wathunthu, ndipo musaiphatikize ndi zina.

Tsopano njala. Usiku wina ndinamva mbale zikugundana kukhitchini cha m'ma 1 koloko. Ndinawapeza achimwene atakhala pampando wa ndalema mumdima, akudya mkute wozizira ndi shuga wa m'kapu. Ndisanayankhule anati, "Chemwali, ndikudziwa kuti ndadya madzulo. Koma m'mimbamu simukumva." Mawu amenewo anandiphunzitsa kuti njala ya mankhwalawa ndi yeniyeni. Si dyera, ndipo kumukalipira munthu kapena kukiya kabati kumangomuphunzitsa kudya mobisa. Chimene chinatithandiza n'kuvomereza kuti njalayo ibwera, n'kuikonzera: tinkasiya patebulo mbale ya nkhwani kapena nyemba zotsala, chimanga chimodzi chowiritsa, magwafa, nkhaka, papaya. Mkute ndi shuga tinasiya kuziika poonekera.

Pa chakudya chenicheni, sinthani kukula kwa zinthu m'mbale. Ndiwo zamasamba zitenge theka la mbale: bonongwe, chisoso, mpiru, chigwada, kholowa, therere, chilichonse cha nyengo yake. Mbali ina nyemba, nandolo, khobwe, usipa, matemba kapena dzira. Nsima itsike ndi mtanda umodzi, osati kuchoka pa mitanda 4 kufika umodzi tsiku limodzi. Ayambe kudya ndiwo, nsima itsatire. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera, ndipo kuchigayo simutaya chimanga pokonola. Koma mgaiwa nawonso ndi nsima, ukachuluka umakweza shuga. Mafuta ophikira muziyeza ndi supuni m'malo mopungulira m'botolo. Mandasi, zitumbuwa, zigege ndi tchipisi cha pachiwaya zikhale za apo ndi apo. Mchere wa tsiku lonse usapyole magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo wa m'timakyubu tokometsera ndiwo ndi wa m'nsomba zouma. Koma amene akumwa lithium asachepetse mchere mwadzidzidzi asanafunse adokotala, chifukwa mchere ukachepa lithium amachuluka m'magazi mpaka kufika poopsa.

Ndipo mphika ukhale umodzi. Munthu amene anthu am'mudzi akumuloza kale zala asamapatsidwenso kambale kakekake pamene ena akudya zonona. Banja lonse lidye mofanana. Palibe amene chakudya chimenechi chingamupweteke.

Chachisanu: kuyenda

Mlingo wa WHO ndi mphindi 150 pa sabata, kapena kuti theka la ola masiku 5. Kwa munthu amene mankhwala amamugonetsa mpaka 10 koloko m'mawa, zimenezi zimamveka ngati kukwera Mulanje. Yambani ndi mphindi 10. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Musamuuze kuti "kachiteni majowajowa". Mupempheni akuperekezeni kuchigayo, kumsika, kudimba, kutchalitchi kapena kumzikiti, ndipo muyende mothamangirako moti mpweya ukwere koma mukutha kucheza. Kulima, kutunga madzi, kupalasa njinga, kusesa pabwalo, zonsezo zimawerengedwa. Ife tinalakwitsa powalanda achimwene ntchito zonse poganiza kuti tikuwasamala.

Amene akumwa chlorpromazine avale chipewa ndi malaya a manja aatali, chifukwa khungu lawo limapsa msanga ndi dzuwa, ndipo podzuka azidzuka pang'onopang'ono kuopa chizungulire. Ngati tulo ta masana tachuluka, funsani adokotala ngati mlingo waukulu ungasunthidwire usiku.

Chachisanu ndi chimodzi: fodya ndi mowa

Fodya, kaya wa m'paketi kaya chingambwe, ndiye mnzake wamkulu wa matenda a mtima, ndipo kumusiya kumaposa china chilichonse chimene ndalemba pano. Koma pali chinthu chimene ambiri sauzidwa: utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuphwanya olanzapine ndi clozapine mofulumira. Munthu akasiya kusuta, mankhwala omwewo amachuluka m'magazi, n'kuyamba kugona kwambiri kapena kuchita chizungulire. Choncho auzeni adokotala musanasiye, kuti aone ngati mlingo ukufunika kutsika. Mowa, kuyambira kachasu mpaka masese, umakweza BP ndi triglycerides, ndipo umalimbana ndi mankhwala. Chamba chimadzutsa matenda, n'kuwonjezeranso njala pamwamba pa njala.

Chachisanu ndi chiwiri: kukalankhula ndi adokotala

Tsiku la kiliniki mzere umakhala wautali, ndipo amene akuona odwala amakhala ndi mphindi zochepa. Kaya ndi ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, ku Chainama ku Lusaka, kapena pachipatala cha boma lanu, lowani mutatsegula kale tsamba la manambala lija. Mawu akhale achidule: "Adokotala, mu Januwale anali makilo 60, lero ndi 66, mimba yakwera ndi masentimita 7. Bambo athu anali ndi shuga. Tingatani?" Dandaulo lokhala ndi manambala limamveka kusiyana ndi kungoti "akunenepa".

Njira zilipo zingapo, ndipo kusankha ndi kwa adokotala pamodzi ndi wodwalayo. Akhoza kutsitsa mlingo ngati munthu wakhazikika nthawi yaitali. Akhoza kusintha kupita ku mankhwala osanenepetsa kwambiri, pang'onopang'ono, akuyang'anira kuti matenda asabwerere. Akhoza kuwonjezera metformin, mankhwala a shuga amene amathandizanso kuchepetsa kunenepa kobwera ndi mankhwala a maganizo. Nthawi zinanso adzanena kuti mankhwala amenewa ndi okhawo amene agwira ntchito ena onse atalephera, makamaka clozapine, ndiye asasinthidwe. Zikatero pemphani kalata yopita kukiliniki ya shuga ndi BP, kuti mbali ziwirizi ziyendere limodzi.

Amene akumwanso ma ARV atchule zimenezi ngakhale asanafunsidwe. Kuyambira 2019 anthu ambiri ku Malawi anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, aja a 13A, amene kwa ena amawonjezera thupi, makamaka amayi. Dolutegravir amachititsanso kuti metformin achuluke m'magazi, ndiye mlingo wake umafunika kuunikidwa. Buku likhale limodzi lomwelo kumakiliniki onse. Chizolowezi chokhala ndi buku lina "la kumutu" lobisa chimachititsa kuti dokotala aliyense aone theka la munthu. Abale amene muli ku Britain, munthu wodwala schizophrenia kapena bipolar ali ndi ufulu woyezedwa thupi lonse kamodzi pachaka kwa dokotala wake wa nthawi zonse (GP). Kalata yoitana ikabwera musaiponye m'dirowa.

Wodwalayo alankhule yekha pamene angathe. Thupi ndi lake, ndipo munthu amene wagwira yekha tepi n'kulemba yekha nambala amasunga pangano kuposa amene amangoyezedwa ngati thumba la chimanga.

Pamene simuyenera kudikira tsiku la kiliniki

Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kuonda mwadzidzidzi kwa munthu amene anali kunenepa, zilonda zosapola, kuyabwa kumaliseche kobwerezabwereza, maso achifunga: pitani mukayezetse shuga sabata yomweyo. Olanzapine ndi clozapine amatha kubweretsa shuga ngakhale kwa munthu amene sananenepe, ndiye kuonda kwake kusakunamizeni. Kukamwa kukapotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka, lilime likalemera, kapena pachifuwa pakathina ngati pakhala mwala, pezani galimoto nthawi yomweyo.

Choopsa kwambiri kwa anthu athuwa ndi ichi. Shuga akakwera kopitirira, munthu amasanza, m'mimba mumapweteka, amapuma mozama ndi mofulumira, amasokonezeka, amayankhula zosamveka, kenaka amayamba kuwodzera osadzutsika. Pakhomo aliyense amati matenda aja ayambiranso. Ena amamuwonjezera piritsi kuti agone, ena amathamangira kwa asing'anga kapena kumapemphero a usiku, ndipo maola amene akanamupulumutsa amatha. Musamupatse piritsi lowonjezera. Pitani naye kuchipatala, buku lili m'manja, ndipo musanafotokoze mbiri ya mutu wake nenani dzina la mankhwala amene amamwa, n'kupempha kuti, "Chonde, yambani mwamuyeza shuga." Ndi kubaya chala kamodzi, kadontho ka magazi, ndipo nambala imatuluka mphindi imodzi isanathe.